Kusankha chounikira m'nyumba: koloboyi, kandulo, tochi, sola kapena babu la magetsi

Dzuwa likalowa cha m'ma 6 koloko madzulo, banja limatsala ndi maola anayi kapena asanu ofuna kuunika: mayi akupakula nsima, mwana wa Sitandade 8 akukonzekera mayeso, bambo akuwerengera zimene zagulitsidwa pa okala. Kalembera wa 2018 adaonetsa kuti mabanja oposa theka m'Malawi ankaunikira ndi matochi a mabatire, pomwe ounikira ndi magetsi adali pafupifupi 11 pa 100 alionse. Ngakhale amene ali ndi magetsi a ESCOM mdima amaudziwa, chifukwa namondwe wa Ana ataononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale 2022, dziko lidasowa mamegawati pafupifupi 130 kwa nthawi yopitirira chaka, ndipo nyumba zambiri za m'tauni zidabwerera ku makandulo. Choncho funso la chounikira likukhudza wa kumudzi ndi wa m'tauni yemwe, ndipo ambiri timaliyankha poyang'ana mtengo wa pa shelefu wokha, umene nthawi zambiri umatisocheretsa.

Zoyenera kudziwa za kuwala musanayerekeze

Kuwala kwa dzuwa kumene timati n'koyera ndi msakanizo wa mitundu yonse ya mu utawaleza. Isaac Newton adazitsimikiza cha m'ma 1666 podutsitsa kuwala kwa dzuwa m'galasi la ngodya zitatu: kudatuluka mbali inayo kutagawika, kuyambira kofiira, kachikasu, kobiriwira, kabuluu mpaka kwapepo, ndipo atakudutsitsanso m'galasi lina kudabwerera kukhala koyera. Madontho a mvula amachita zomwezo tikamaona utawaleza. Kuwala kumayenda ngati mafunde, ndipo mtundu umadalira kutalika kwa funde: diso lathu limaona mafunde a pakati pa nanomita pafupifupi 400 ndi 700, nanomita imodzi kukhala milimita yogawidwa ka 1,000,000. Funde lofiira ndi lalitali, lapepo ndi lalifupi. Kupitirira lofiira kuli mafunde amene diso siliwaona koma khungu limawamva ngati kutentha, ndipo mfundo imeneyi ndi imene imasiyanitsa chounikira chosunga ndalama ndi chowononga ndalama.

Chinthu chimaoneka ndi mtundu wa kuwala kumene chimabweza. Tomato wakupsa amameza mafunde ena onse n'kubweza ofiira. Tsamba la chimanga limabweza obiriwira. Khoma la njereza limabweza mafunde a mitundu yonse, ndipo makala amameza pafupifupi onse. Tanthauzo lake n'lakuti chinthu sichingabweze mtundu umene nyali sidachipatse. Aliyense amene adagulapo chitenje madzulo m'sitolo younikira ndi babu lowala mobuluwira akudziwa zimenezi: m'sitolomo maluwa a pachitenjepo amaoneka ofiirira mothima, koma mawa lake chikayanikidwa pa chingwe dzuwa likuswa mtengo, amatuluka ofiira ngati tsabola, osagwirizananso ndi malaya amene chidagulidwira. Chitenje sichidasinthe, babulo lidalibe kuwala kofiira kokwanira.

Pa zimenezi pakutuluka miyeso itatu imene imalembedwa pa katoni ya chounikira chabwino. Woyamba ndi malumeni, amene amanena kuchuluka kwa kuwala kotuluka. Mawati sanena za kuwala, amanena za mphamvu imene chounikiracho chikudya, ndipo chizolowezi chathu chopempha "babu la 60" n'chochokera m'masiku amene mababu onse adali a mtundu umodzi. Wachiwiri ndi nambala yothera ndi K, imene imanena mtundu wa kuwalako. Nambala ya 2700K, imene pa katoni amailemba kuti warm white, ndi kuwala kwachikasu kofanana ndi kwa dzuwa la madzulo. 6500K, imene amailemba kuti cool daylight, ndi kuwala koyera mobuluwira. 4000K ili pakati. Wachitatu ndi CRI kapena Ra, umene umanena momwe nyaliyo imaonetsera mitundu mokhulupirika poyerekeza ndi kuwala kwachilengedwe. Pamwamba penipeni ndi 100, ndipo m'nyumba musatsike pa 80.

Palinso lamulo lina limene sililembedwa pa katoni koma limaposa miyeso yonseyi kufunika. Kuwala kumachepa msanga kukamatalikira: mukasuntha nyali kuchoka pa mita imodzi kufika pa mamita awiri, kuwala kogwera pa buku kumatsika kufika pa gawo limodzi la magawo anayi, osati theka. Kuwala kogwera pamalo kumayezedwa mu lux. Kandulo imapereka lux imodzi pa mtunda wa mita imodzi, pomwe m'maofesi ndi m'makalasi akatswiri amafuna lux 300 kapena kuposerapo. Babu la malumeni 800 lopachikidwa mamita awiri pamwamba pa tebulo, m'chipinda cha makoma akuda, lingafikitse pa buku lux 20 kapena 30 zokha, pomwe kanyali ka malumeni 30 kolunjikitsidwa pa tsamba kuchokera pa masentimita 30 kangafikitse pafupifupi 100. N'chifukwa chake ndimakakamira kuti munthu ayambe wadzifunsa kuti kuwalako kukagwere pati asanafunse kukula kwa babu.

Pa chounikira chilichonse m'munsimu ndiyang'ana mtengo, kapezekedwe, kasamalidwe ndi zoopsa. Sinditchula makwacha, chifukwa chitsikireni mphamvu ya kwacha ndi 44 pa 100 mu Novembala 2023 mitengo yakhala ikusintha pafupipafupi. Ndiwerengera m'mayunitsi a magetsi, m'maola ndi m'zaka kuti aliyense aikepo mitengo ya kumsika kwawo.

Koloboyi, nyali ya galasi ndi kandulo

Zitatuzi ndaziphatikiza chifukwa kuwala kwake kumachokera ku chinthu chimodzi. Chikasu cha lawi la moto ndi timwaye ting'onoting'ono timene tatentha mpaka kung'anima tisanapseretu. Ndiye kuti mwaye si vuto lobwera pambali, koma ndi gwero lenileni la kuwala kwa lawi, ndipo umene sudapse ndi umene umadetsa denga ndi kulowa m'mapapo. Amene tidawerengerapo koloboyi tikukumbukira m'mawa wake: kupenga mamina akuda, maso ofiira, ndi kope lonunkha palafini.

Mtengo wogulira ndi wotsika kuposa wa china chilichonse, popeza koloboyi amapangidwa ndi kachitini ndi kachingwe, ndipo kandulo imagulidwa imodziimodzi. Koma ndalama imatuluka usiku uliwonse, ndipo chobwera n'chochepa kwambiri. Kandulo imapereka malumeni pafupifupi 12 kwinaku ikutulutsa kutentha kwa mawati pafupifupi 80, ndipo pangafunike makandulo oposa 60 kuti afanane ndi babu limodzi la m'chipinda chochezera. Koloboyi sasiyana kwenikweni ndi kandulo. Nyali ya galasi imaposako katatu kapena kanayi. Tikawerengera ndalama pa kuwala kopezeka, palibe chounikira chodula kuposa izi, ndipo n'zomvetsa chisoni kuti amene amazilipira ndi mabanja osauka kwambiri.

Kapezekedwe ka makandulo n'kosavuta, ali pa okala iliyonse. Palafini ndiye wasowa m'madera ambiri chiyambire kufala kwa matochi. Kasamalidwe n'kudula chingwe kuti lawi lisafuke utsi ndi kupukuta galasi tsiku lililonse, chifukwa galasi lamwaye limameza gawo lalikulu la kuwala kochepa komweko.

Zoopsa ndi zazikulu ndipo sizifuna kuzichepetsa. Lawi losaphimba pafupi ndi neti ya udzudzu, makatani kapena denga la udzu limayatsa nyumba m'mphindi zochepa, makamaka munthu akagona asanazimitse. Palafini wosungidwa m'botolo la zakumwa zoziziritsa kukhosi amanyenga ana aang'ono, ndipo mwana akamwa sayenera kusanzitsidwa, chifukwa palafiniyo akalowa m'mapapo ndi pamene amavulaza koposa, athamangitsidwe kuchipatala. Kuwala kwa lawi kuli pansi pa 2000K, kwachikasu kwambiri, moti chinthu chabuluu ndi chakuda zimavuta kuzisiyanitsa.

Tochi ya mabatire otaya

Iyi ndiyo idalowa m'malo mwa koloboyi m'midzi yambiri, ndipo idachita bwino kutero, chifukwa idachotsa utsi ndi moto m'nyumba. Mtengo wogulira ndi wochepa, koma mabatire ndi amene amadya. Mabatire otchipa amayamba ndi mphamvu kenako amafooka pang'onopang'ono, moti usiku woyamba tochi imawala bwino, wachitatu mwana akuyandikitsa nkhope ku buku, ndipo banja limapitiriza kuvutika ndi kuwala kothima kuti mabatirewo atheretu. Amene akufuna kudziwa mtengo weniweni alembe mabatire onse ogulidwa m'miyezi itatu, achulukitse ka 4, kenako ayerekeze ndi mtengo wa kanyali ka sola. Mabanja ambiri akatero amapeza kuti ndalama ya kanyaliko adaitaya kale m'mabatire chaka chisanathe.

Matochi ndi mabatire amapezeka pa msika uliwonse, ndipo uwu ndiwo ubwino wake waukulu. Pa kasamalidwe, matochi otchipa amafa ndi switchi kapena timawaya tothothoka, ndipo batire losiyidwa m'kati nthawi yaitali limatuluka madzi odya zitsulo. Zoopsa zake ndi ziwiri. Mabatire otha amatayidwa pabwalo pomwe ana amawatola ndi kuwaswa, pomwe ayenera kusonkhanitsidwa kutali ndi ana, ndi dimba komanso ndi chitsime. Chachiwiri n'chokhudza maso: tochi idapangidwa kuti iponye kuwala patali m'kanjira kopapatiza, ndipo ikalunjika pa pepala loyera imapanga kadontho kothobwa pakati ndi mdima m'mbali, zimene zimatopetsa maso. Kuilozetsa ku khoma loyera kapena kuigunditsa ku chigubu choyera cha madzi kumamwaza kuwalako n'kukufewetsa.

Kanyali ka sola

Apa ndi pamene ndikhalitsepo, chifukwa kwa banja lopanda magetsi ndi pamene pali phindu lalikulu komanso chinyengo chachikulu. Kanyali ka sola ndi zinthu zitatu pamodzi: kapanelo kosandutsa kuwala kwa dzuwa kukhala magetsi, batire losunga magetsiwo, ndi kababu kamakono kotchedwa LED kowasandutsanso kukhala kuwala. Tinyali tating'ono ta ophunzira timapereka malumeni 20 mpaka 50, ndipo zokulirapo, zimene zimatchajanso foni, zimafika 100 mpaka 300.

Mtengo wake umalipidwa kamodzi, ndipo pambuyo pake palibe chogula mpaka batire litafooka. Vuto ndi kuipeza ndalamayo pakamodzi, n'chifukwa chake ambiri amagula nthawi yokolola. Makampani ena amalola kulipira pang'onopang'ono kudzera pa Airtel Money kapena TNM Mpamba. Njira imeneyi imathandiza, koma musanasaine funsani ndalama yonse imene mudzakhale mutalipira pomaliza, chifukwa imaposa ya kugula pakamodzi, ndipo dziwani kuti mukalephera kulipira chipangizocho chimadzitseka ngakhale dzuwa likuwala.

Pa kapezekedwe, tinyali ta sola tadzaza m'misika, koma tabwino ndi tachabe timaoneka mofanana pa thebulo la wogulitsa. Manambala olembedwa pa katoni za tinyali tosadziwika kochokera nthawi zambiri amakhala okokomeza. Chodalirika n'chakuti katoni itchule malumeni ndi maola amene nyaliyo imayaka ikatchajidwa tsiku limodzi, wogulitsa apereke lisiti ndi lonjezo lolembedwa lokonza kapena kusintha ikawonongeka, komanso akhale ndi malo okhazikika oti mukam'peze. Pali ndondomeko ya VeraSol, imene idachokera ku pulogalamu ya Lighting Global ya World Bank Group, yoyesa zipangizo za sola ngati zikuchitadi zimene opanga akunena, ndipo mndandanda wa zimene zidapambana uli pa intaneti. Funsaninso mtundu wa batire: la lithium, makamaka lolembedwa LiFePO4, limakhala zaka zambiri kuposa lamtovu.

Kasamalidwe kake n'kophweka koma ambiri amakalakwitsa. Popeza Malawi ali kummwera kwa equator, panelo yokhazikika iyang'ane kumpoto, yopendekeka pang'ono kuti mvula izitsuka fumbi. Mthunzi wa nthambi imodzi yokha ukagwera pa gawo la panelo umatsitsa magetsi kuposa momwe kukula kwa mthunziwo kungaonetsere, chifukwa tizigawo ta panelo tidalumikizidwa motsatizana. Fumbi la mu Seputembala ndi Okutobala lipukutidwe ndi kansalu konyowa. Batire silikonda kutentha, choncho nyali ya panelo yapadera yokhala ndi chingwe chachitali imaposa ya panelo yomatirira, popeza nyaliyo imakhala m'nyumba panelo ili padenga, ndipo siibedwa mosavuta. Okhala ku Thyolo, Mulanje ndi Blantyre akumbukire chiperoni cha mu Juni ndi Julaye: masiku a mitambo nyali siidzaza, ndipo nyali yotha kuitsitsa kuwala imathandiza kuti ifike nayo pogona. Choopsa chenicheni ndi kutaya ndalama pa katundu wachabe. Kupatula apo, batire lotupa lisagwiritsidwenso ntchito ndipo lisaponyedwe pamoto.

Sola ya nyumba yonse

Imeneyi ndi panelo yaikulu, batire, kabokosi koyang'anira katchajidwe ndi mababu angapo a mavolti 12. Mtengo wake ndi waukulu kuposa zonse zatchulidwazi, koma masamu ake ndi olimbikitsa: mababu anayi a LED a mawati 3 oyaka maola asanu amadya mphamvu yofanana ndi mawati 60 kwa ola limodzi, imene panelo ya mawati 50 imaibweza dzuwa lisanapendeke, n'kutsalanso ya mafoni ndi wailesi. Zipangizo zimapezeka m'matauni ndi m'maboma ambiri, kaya zogulitsidwa pamodzi kapena chimodzichimodzi.

Pa kasamalidwe, cholakwika chofala ndi kugula batire la galimoto n'kulilumikiza ku panelo mwachindunji pofuna kupewa mtengo wa kabokosi koyang'anira. Batire la galimoto lidapangidwa kuti lipereke mphamvu yambiri kwa masekondi ochepa poliza injini, osati kukhetsedwa usiku uliwonse, ndipo likamatero limafa msanga. Ngakhale batire lamtovu lopangidwira sola siliyenera kutsitsidwa kupitirira theka. Zoopsa ndi mawaya opyapyala opanda fyuzi, amene amatentha mpaka kuyatsa denga, asidi wa m'batire, komanso mpweya umene batire lamtovu limatulutsa potchaja, umene umafuna malo opita mphepo.

Mababu a magetsi a ESCOM

Kwa amene ali ndi magetsi, mpikisano uli pakati pa mababu atatu, ndipo kusiyana kwawo ndi nkhani ija ya mafunde osaoneka. Babu lakale lili ndi kawaya ka tungsten kamene kamatenthedwa kupitirira madigiri 2,000 mpaka kung'anima, ndipo mphamvu yoposa 90 pa 100 imatuluka ngati kutentha. Babu la CFL, lopotanapotana lija limene ambiri amati eneje seva, limadutsitsa magetsi mu nthunzi ya mercury, ndipo ufa woyera wopakidwa m'kati mwa galasi umasandutsa mafunde osaoneka otulukawo kukhala kuwala kooneka. Babu la LED lili ndi kachipangizo kotulutsa kuwala kwabuluu kokutidwa ndi ufa wachikasu wotchedwa phosphor, ndipo buluu ndi chikasu zikasakanikirana diso limaona koyera. LED yabuluu idavuta kupanga kwa zaka zambiri, ndipo Isamu Akasaki, Hiroshi Amano ndi Shuji Nakamura adalandira mphotho ya Nobel mu 2014 chifukwa choikwanitsa. Kapangidwe kameneka ndi kamene kamachititsa kuti LED yotchipa ikhale ndi buluu wambiri ndi kufiira kochepa, monga zidachitikira ndi chitenje chija.

Pa mtengo, tiyerekeze mababu opereka malumeni 800 oyaka maola asanu usiku uliwonse kwa masiku 30. Babu lakale la mawati 60 limadya mayunitsi 9. CFL ya mawati 14 imadya 2.1, LED ya mawati 9 imadya 1.35. Nyumba ya mababu anayi ikuyerekeza mayunitsi 36 ndi 5.4 mwezi uliwonse. Babu lakale limakhala maola pafupifupi 1,000, CFL 6,000 mpaka 10,000, ndipo LED yabwino 15,000 kapena kuposerapo. Pamenepa palibe mkangano: LED imabweza mtengo wake m'miyezi yochepa.

Pa kapezekedwe, LED ili paliponse tsopano, ndipo CFL ikutha pang'onopang'ono, popeza mayiko a m'pangano la Minamata lokhudza mercury adagwirizana mu 2022 kuti kupanga ndi kugulitsana mababu a CFL a m'nyumba kuthe pofika 2025. Musanapite kusitolo yang'anani chogwirira babu cha m'nyumba mwanu, ngati n'cha mapini awiri, B22, kapena chopota, E27. Pa kasamalidwe, mdani wa LED ndi kutentha ndi kusinthasintha kwa mphamvu ya magetsi. Imene yatsekeredwa m'chigalasi chopanda mpweya pansi pa malata imafa msanga, ndipo n'kwanzeru kuzimitsa maswitchi magetsi akathima kuti mababu asalandire mphamvu yobwera modzidzimutsa. Zoopsa: babu lakale limawotcha dzanja ndi nsalu, CFL ikasweka, popeza ili ndi mercury woopsa, tsegulani mawindo, tulutsani ana, ndipo tolani magalasiwo ndi katoni osati ndi manja, LED yachabe imaphethira mofulumira moti ena amamva mutu, ndipo kamera ya foni nthawi zambiri imaonetsa mizere yoyenda ikalozetsedwa pa babu lotero. Alipo mababu a LED okhala ndi batire m'kati, amene amapitiriza kuyaka maola angapo magetsi akathima. Ndi othandiza, koma amawala mocheperako akamayendera batire, ndipo batirelo limafa LED isanafe.

Kuwala kwa masana ndi mtundu wa makoma

Njira iyi siilowa m'malo mwa nyali koma imachulukitsa phindu la nyali iliyonse. Khoma lopakidwa njereza kapena penti yoyera limabweza pafupifupi magawo atatu mwa anayi a kuwala, pomwe la njerwa zosapaka kapena lozira ndi dothi lakuda limameza gawo lalikulu. Mtengo wake ndi thumba la laimu, amene amapezeka m'masitolo a zomangira, ndipo kusamala kwake ndi kupakanso khoma likada. Samalani maso ndi manja popaka chifukwa laimu amawotcha. Lata limodzi loonekera padenga la khitchini kapena la sitolo limathetsa kuyatsa babu masana, ngakhale limalowetsanso kutentha ndipo lotchipa limachita chikasu n'kuphwanyika ndi dzuwa. Ku Brazil, makaniko Alfredo Moser adayamba mu 2002 kulowetsa mabotolo a madzi m'mabowo a denga kuti madziwo apinde kuwala kwa dzuwa n'kukumwaza m'chipinda, ndipo njirayi imagwira bwino malinga bowolo lamatidwa kuti lisadonthe.

Chiti chikuyenera ndani

Banja la kumudzi lokhala ndi mwana wa sukulu, limene likugula mabatire sabata iliyonse, liyambe ndi kanyali ka sola koyesedwa kokhala ndi mwendo woimikira pa tebulo, ndipo tochi itsale ya kubafa ndi kukhola usiku. Likakolola bwino, nyali yachiwiri yotchaja foni ibwere patsogolo pa sola ya nyumba yonse, chifukwa nyali ziwiri zoyenda nazo zimatumikira khitchini ndi chipinda nthawi imodzi, ndipo imodzi ikawonongeka banja silikhala mu mdima. Sola ya nyumba yonse ikuyenera amene ali ndi zipinda zingapo kapena bizinesi, ndipo akhoza kugula batire loyenera pamodzi ndi kabokosi koyang'anira. Amene ndalama yake ikungokwanira panelo ndi batire la galimoto adikire kaye.

Wa m'tauni asinthe mababu onse akhale a LED, kuyambira amene amayaka nthawi yaitali, monga la pakhonde loyaka usiku wonse. Kuchipinda chogona ndi pochezera asankhe 2700K kapena 3000K, chifukwa kuwala kobuluwira usiku kumachedwetsa tulo pochepetsa melatonin, chobweretsa tulo chimene thupi limatulutsa kukada. Kukhitchini ndi powerengera 4000K imakwanira. Pakhonde napo kuwala kwachikasu n'kwabwino, popeza tizilombo tambiri touluka timakopeka kwambiri ndi mafunde aafupi. Wofuna ngumbi mvula yoyamba ikagwa ndi amene angakonde babu loyera mobuluwira, monga momwe asodzi a usipa pa nyanja ya Malawi amagwiritsira ntchito nyali kukopa nsomba usiku. Pa nthawi ya kuthimathima kwa magetsi, babu limodzi la batire pochezera ndi kanyali ka sola kamodzi zimachotsa kufunika kwa makandulo. Ngati kandulo yakhalabe njira yokhayo usiku wina, iimikidwe m'mbale yachitsulo kapena ya dothi, kutali ndi neti, ndipo wamkulu aizimitse asanagone.

Telala, wogulitsa zitenje, wometa ndi woluka tsitsi, wogulitsa nyama ndi ndiwo zamasamba madzulo, onsewa ndalama zawo zimadalira mtundu, ndipo ayenera kufunafuna LED ya CRI 90, kapena yosatsika pa 80, ya 4000K, yopachikidwa pafupi ndi katundu osati pamwamba pa denga. Ngati katoni siitchula CRI, tengani kansalu kofiira kusitolo, pemphani kuti ayatse babulo, ndipo yerekezani ndi momwe kansaluko kakuonekera panja. Mayi amene akufuna kuona ngati khanda lili ndi chikasu m'maso ndi pakhungu asadalire babu lililonse. Alitengere pafupi ndi windo masana, ndipo akakayika apite nalo kuchipatala tsiku lomwelo.

Babu lakale lija latsala ndi ntchito imodzi imene LED siingathe. Woweta nkhuku amene akulera anapiye m'sabata zoyambirira akufuna kutentha, ndipo 90 pa 100 ija imene imawonongeka pochezera ndi imene imafunditsa anapiye m'miyezi yozizira ya Juni ndi Julaye. Alipachike pa waya wolimba, potalikirana ndi utuchi ndi makatoni, ndipo aone khalidwe la anapiyewo: akaunjikana pansi pa babu ndiye kuti akuzizidwa, alitsitseko, akathawira m'mbali n'kumapuma ndi kukamwa, alikweze. Anapiye akamera nthenga, babulo lichotsedwe ndipo m'kholamo mulowe LED ya mawati ochepa yongowaunikira podyera ndi pomwera.